Bambo Marin Mersenne, Wansembe wa Nambala Zosagawika

Pa tsiku la 8 September m'chaka cha 1588, tsiku lomwe Eklezia amakumbukira kubadwa kwa Maria Virigo Woyera, pafupi ndi mudzi wa Oizé m'chigawo cha Maine ku France kunabadwa mwana wamwamuna amene anamutcha Marin Mersenne. Makolo ake anali anthu a kumudzi, odya thukuta lawo. Dziko nalo linali pa mavuto, pakuti Akatolika ndi Aprotestanti a ku France anali atamenyana nkhondo zaka zoposa 25, ndipo mtendere unadzabwera mwanayo ali kale ndi zaka 9.

Marin anayamba sukulu ku Le Mans. M'chaka cha 1603 mfumu Henri IV inapereka nyumba yake ya ku La Flèche kwa ansembe a chipani cha Ajezuiti kuti atsegulemo sukulu, ndipo popeza Ajezuitiwo sankalipiritsa maphunziro, mwana wa mmphawi ankamva phunziro limodzi ndi mwana wa nduna. Marin anakhalako zaka 5. Pa sukulu yomweyo panadzalowanso kamnyamata kena, kakang'ono kwa iye ndi zaka ngati 8, dzina lake René Descartes, amene pambuyo pake anakhala mmodzi wa anthu oganiza mozama koposa ku Ulaya, nakhalanso bwenzi lake mpaka imfa. Atachoka ku La Flèche, Marin anakaphunzira za Mulungu ku Sorbonne mu mzinda wa Paris.

M'chaka cha 1611 analowa m'chipani cha Aminimi. Chipani chimenechi sichidziwika kuno ku Malawi, tsono nkoyenera kuchifotokoza pang'ono. Anachiyambitsa ndi Francis Woyera wa ku Paola, wa ku Italy, amene anamwalira ku France mu 1507. Dzina lakuti Aminimi litanthauza aang'onong'ono koposa onse. Pamwamba pa malumbiro atatu a umphawi, kudzisunga ndi kumvera, iwo amalumbiranso lachinayi, ndilo kusunga Lenti moyo wawo wonse: osadya nyama, mazira, mkaka, ngakhale chilichonse chopangidwa ndi mkaka. Mkhristu amene masiku 40 a Lenti amamutalikira aganizeko kuti Bambo Mersenne anasunga Lenti yawo zaka 37. Atadzozedwa unsembe anawatumiza ku Nevers, kumene anaphunzitsa anyamata a chipani chawo kuyambira 1614 mpaka 1618, ndipo mu 1619 anabwerera ku Paris, ku nyumba ya Aminimi ya pafupi ndi bwalo la Place Royale. M'menemo ndimo anakhala kufikira tsiku lomwalira.

Mabuku awo oyamba anali a nkhondo. Loyamba lalikulu, la mu 1623, linali lofotokoza mitu yoyamba ya buku la Genesis, koma m'kati mwake anakalipira obwebweta, okhulupirira nyenyezi, ochita zamatsenga ndi okana Mulungu. Anafika powerengera kuti mu Paris mokha munali anthu 50,000 osakhulupirira Mulungu, chiwerengero chimene ndithu chinachokera ku changu cha unyamata, osati ku masamu. Koma posachedwa anaona kuti mdani woopsa ndi wina: anthu ophunzira amene ankati palibe kanthu kamene munthu angakadziwe motsimikiza. Pofuna kuwayankha, mu 1625 anatulutsa buku la La Vérité des sciences, ndipo chida chawo chachikulu chinali masamu. Munthu angathe kukayika za maonekedwe a chinthu ngakhale kukoma kwake, koma sangakayike kuti 7 kuchulukitsa ndi 4 ndi 28. Kuyambira pomwepo ukali wawo unazizira, ndipo wansembe uja amene anayamba ndi kukalipa anasanduka munthu womvetsera ndi wofunsa.

Masiku amenewo kunalibe nyuzipepala za anthu ofufuza nzeru. Munthu akatulukira kanthu ku Toulouse, mnzake wa ku Holland sankamva kufikira patapita zaka. Bambo Mersenne ndiwo anatseka mpata umenewu ndi nthenga yolembera. Kalata ikafika m'kachipinda kawo, ankaikopera ndi kuitumiza kwa ena amene angathe kuitsutsa kapena kuiwonjezera; akalandira yankho, ankalibweza kwa mwini wake. Ankalemberana ndi Descartes, ndi Pierre de Fermat woweruza milandu wa ku Toulouse, ndi Galileo ndi Torricelli a ku Italy, ndi Huygens wa ku Holland, ndi Thomas Hobbes wa ku England. Sankasankha Mkatolika kapena Mprotestanti. Kuyambira cha m'ma 1635 akatswiri a mu Paris ankasonkhananso mozungulira iwo, ndipo Étienne Pascal ankabwera ndi mwana wake Blaise, akali mnyamata. Tisabise, kunyamula mawu kotereku nthawi zina kunkayatsa moto. Descartes ndi Fermat anakangana kwambiri mu 1638, ndipo makalata a mkanganowo anadzera m'manja mwa Bambo Mersenne, amene ankakhulupirira kuti anthu anzeru akakangana, choona chimatulukira msanga.

Panali nkhani ina yofuna mtima wolimba. M'chaka cha 1633 bwalo la ku Roma linaweruza Galileo chifukwa chophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuwa. Descartes atamva anachita mantha, nabisa buku lake limene anali atatsala pang'ono kulitulutsa. Bambo Mersenne sanagalukire akuluakulu a Eklezia, komanso sanamutaye Galileo: chaka chotsatira, mu 1634, anatulutsa m'Chifalansa buku lake la za makina ndi zolemera, ndipo mu 1639 anafalitsanso maganizo ake ena. Sanangomeza zonse ayi. Anabwereza okha zoyesa za Galileo pa kagwedwe ka zinthu, napeza kuti ziwerengero zina sizinkagwirizana ndi zimene iwo anaona, ndipo ananena poyera. Papa John Paul II anadzavomereza mu 1992 kuti oweruza a Galileo analakwa.

Buku lawo la za nyimbo, Harmonie universelle, la mu 1636, lili ndi malamulo amene woimba bangwe kapena kaligo amawadziwa ndi zala zake. Nsambo ikafupika ndi theka imanjenjemera mofulumira kawiri, ndipo liwu limakwera. Koma wofuna kulikweza chimodzimodzi mwa kukunga nsamboyo ayenera kuikoka ndi mphamvu yochuluka kanayi. Anayesanso liwiro la phokoso mumpweya. Komabe chimene chinasunga dzina lawo ndi mizere yochepa chabe m'mawu otsogolera a buku lina, ndipo kuti imveke tiyenera kuyamba ndi ana a katekisimu.

Mphunzitsi wa katekisimu ku Nambuma akakhala ndi ana 12, angathe kuwaimika m'mizere yofanana: iwiri ya ana 6, itatu ya ana 4, kapena inayi ya ana 3. Pakabwera mwana mmodzi wochedwa nakhala 13, zonse zasokonezeka. Angayese bwanji, wina adzatsala. Nambala yotere, imene sigawika ndi ina iliyonse koma 1 ndi iyo yomwe, ndiyo nambala yosagawika. Zoyamba zake ndi 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17 ndi 19. Nambala zina zonse zimamangidwa pochulukitsa zimenezi, monga 12 ndi 2 kuchulukitsa ndi 2 kuchulukitsanso ndi 3. Euclid wa ku Alexandria anasonyeza, zaka ngati 300 Ambuye Yesu asanabadwe, kuti nambala zosagawika zilibe mapeto. Wina akati wazilemba zonse, azichulukitse pamodzi ndi kuwonjezapo 1. Nambala imene apezeyo sigawika ndi iliyonse ya pa mndandanda wake, chifukwa nthawi zonse patsala 1. Tsono ilipo ina imene anaisiya. Chovuta si kudziwa kuti zazikulu zilipo, koma kuloza imodzi ndi chala ndi kutsimikiza kuti ndiyo.

Mtundu umene unatenga dzina la Bambo Mersenne umaoneka bwino pa bawo, limene lili ndi maenje 32. Munthu aike njere imodzi ya chimanga m'dzenje loyamba, ziwiri m'lachiwiri, zinayi m'lachitatu, 8 m'lachinayi, nangowirikiza kawiri dzenje lililonse. Akaphatikiza njere za maenje awiri apeza 3. Za maenje atatu, 7. Za maenje 5, apeza 31. Za maenje 7, apeza 127. Zonsezi nzosagawika. Koma za maenje 4 ndi 15, za maenje 6 ndi 63, ndipo ziwirizi zimagawika. Lamulo lake ndi ili: chiwerengero cha maenje chikakhala chogawika, njere nazonso zigawika. Choncho wosaka asataye nthawi pa maenje 4, 6, 8 kapena 9.

Apa ndi pamene ambiri anagwera m'mbuna. Anaganiza kuti chiwerengero cha maenje chikangokhala chosagawika, basi njerenso nzosagawika. Koma maenje 11 amapereka 2,047, ndipo mu 1536 Hudalricus Regius anasonyeza kuti imeneyi ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Dzenje lililonse liyenera kuyesedwa palokha. Pietro Cataldi wa ku Bologna anatsimikiza za maenje 17 ndi 19 mu 1588, chaka chomwe Marin anabadwa.

Nanga ansembe ankazifunirani nambala zimenezi? Chifukwa chake ndi nambala zina zimene akale ankazitcha zangwiro. Nambala 6 imagawika ndi 1, 2 ndi 3, ndipo zitatuzi zikaphatikizidwa zimabweza 6 yemweyo. Chimodzimodzi 28, imene ndi 1, 2, 4, 7 ndi 14 pamodzi. Augustine Woyera anaphunzitsa kuti Mulungu anatsiriza chilengedwe masiku 6 chifukwa nambalayo njangwiro. Euclid anali atapeza kale njira yozipangira: njere zonse zikakhala nambala yosagawika, zichulukitsidwe ndi njere za m'dzenje lomaliza. Maenje atatu ali ndi njere 7, lomaliza lili ndi 4, ndipo 7 kuchulukitsa ndi 4 ndi 28. Maenje 5 amabala 496, maenje 7 amabala 8,128. Wansembe wina wa ku Bergamo, Pietro Bongo, anasindikiza mndandanda wa nambala 28 zimene ankati nzangwiro, koma mwa izo 8 zokha ndizo zinali zoona.

Bambo Mersenne ankafunsa Fermat za zimenezi, ndipo Fermat anali ndi diso lodabwitsa. Mu 1640 anawalembera chinsinsi chofupikitsa ntchito: nambala yosagawika imene ingagawe njerezo iyenera kukhala chiwerengero cha maenje chowirikizidwa kawiri, kanayi, ka 6 ndi kupitirira motero, kuwonjezapo 1. Taonani 23 ndi 11 kawiri kuwonjezapo 1, ndipo 89 ndi 11 ka 8 kuwonjezapo 1. Ndi njira imeneyi anapeza kuti njere za maenje 37 zimagawika ndi 223. Mu 1643 Bambo Mersenne anamutumizira nambala 100,895,598,169, ndipo Fermat anayankha kuti ndi 898,423 kuchulukitsa ndi 112,303. Wofuna kutsimikiza atenge pensulo; apeza kuti nzoona.

Tsono mu 1644, m'buku la Cogitata physico-mathematica, pokonza zolakwa za Bongo, Bambo Mersenne analemba mndandanda wawo. Anati kuyambira pa maenje awiri mpaka 257, opereka nambala yosagawika ndi 11 okha: 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Umboni sanapereke, ndipo sakadatha kuupereka. Njere za maenje 257 ndi nambala ya zilembo 78, ndipo iwo eni anavomereza m'buku lomwelo kuti kuyesa nambala ya zilembo 15 kapena 20 ndi ntchito yosatheka kuimaliza. Kunena zoona, munthu amene anadzudzula Galileo pa ziwerengero zosayesedwa bwino, apa anachita zomwezo.

Chaka chomwecho ananyamuka kupita ku Italy, kumene anaonana ndi Torricelli, nabwera ndi mbiri ya chubu chagalasi choyezera kulemera kwa mpweya, nkhani imene Blaise Pascal anaipitiriza. Mu July 1648 anadwala. Chinali chithupsa m'phapo, ndipo madokotala analephera kuchichiza. Anapempha kuti akamwalira thupi lawo aling'ambe, kuti madokotalawo aone pamene anaphonya ndi kuthandiza odwala ena. Anamwalira pa 1 September 1648, patangotsala sabata imodzi kuti akwanitse zaka 60, ndipo olemba za moyo wawo amati bwenzi lawo Pierre Gassendi, wansembe mnzawo, anali pambali pawo. M'kachipinda muja munapezeka makalata ochokera kwa anthu 78.

Mlandu wa mndandanda uja unatenga zaka 300 kuti uthe. Woyamba kuugwira anali Leonhard Euler, amene mu 1772, maso ake atafa kale, analengeza kuti njere za maenje 31, ndizo 2,147,483,647, nzosagawika. Pa bawo lathu lija ndiye kuti latsala dzenje limodzi lokha. Likadzazidwa limenelo nambala isanduka 4,294,967,295, yogawika ndi 3 ndi 5. Euler yemweyo anasonyezanso kuti nambala yangwiro iliyonse yogawika ndi 2 imachokera pa njira ya Euclid ija, palibenso ina.

Mu 1876 Édouard Lucas wa ku France anatsimikiza za maenje 127, nambala ya zilembo 39, ndi manja ake, popanda makina. Imeneyi inakhala yaikulu koposa zonse zodziwika kwa zaka 75. Njira yake, imene D. H. Lehmer anaikonzanso mu 1930, njodabwitsa chifukwa sifunafuna konse chogawira. Mphunzitsi angathe kuiyesa pa bolodi ndi 31, wa maenje 5. Ayambe ndi 4, aichulukitse ndi iyo yomwe ndi kuchotsapo 2: apeza 14. Achite chimodzimodzi ndi 14: apeza 194. Agawe 194 ndi 31, asunge chotsala chokha, ndicho 8. Achitenso ndi 8: apeza 62, amene ndi 31 kawiri, osatsala kanthu. Masitepe ayenera kukhala chiwerengero cha maenje kuchotsapo 2, apa atatu. Pa sitepe yomaliza pakapanda chotsala, nambalayo njosagawika. Pakatsala kanthu, njogawika, ngakhale chogawira chake sichinaoneke.

Ndi njira yotere Lucas anapeza cholakwa choyamba: maenje 67 amapereka nambala yogawika. Zogawira zake zinabisala mpaka 1903, pamene Frank Nelson Cole anaimirira pa msonkhano wa akatswiri a masamu ku New York. Mbiri imati sanalankhule kanthu. Anawerengera pa bolodi njere za maenje 67, napeza 147,573,952,589,676,412,927. Kenaka anachulukitsa 193,707,721 ndi 761,838,257,287, napeza zomwezo, nakakhala pansi anthu akuwomba m'manja. Panapezekanso zosiyidwa. Mu 1883 Ivan Pervushin, wansembe wa Eklezia wa Orthodox wa kumidzi ya ku Russia, anasonyeza kuti maenje 61 anayenera kukhala pa mndandanda. R. E. Powers, wogwira ntchito ku kampani ya njanji ku America, anawonjezapo 89 mu 1911 ndi 107 mu 1914. Pomaliza 257 nayenso anagwa. Pofika 1947 zonse zinali zitayesedwa, ndipo zolakwa za Bambo Mersenne zinakwana zisanu: ziwiri zoikidwa mosayenera, zitatu zosiyidwa. Pakati pa 2 ndi 257 pali nambala zosagawika 55, choncho analondola pa 50, kuphatikizapo 31 ndi 127, zimene panalibe munthu wa m'nthawi yawo akadatha kuzitsimikiza.

Kenaka kunabwera makina. Mu 1952 Raphael Robinson, pogwiritsa ntchito kompyuta ya SWAC ku Los Angeles, anapeza zisanu m'chaka chimodzi, za maenje 521, 607, 1,279, 2,203 ndi 2,281. Mu 1996 George Woltman anayambitsa gulu la GIMPS, m'mene anthu a m'maiko ambiri amabwereketsa makompyuta awo kudzera pa intaneti, aliyense kuyesa gawo lake ndi kutumiza yankho kwa anzake, monga ankachitira makalata a ku Place Royale. Mu October 2024 Luke Durant wa ku California, mmodzi wa gululi, anapeza ya maenje 136,279,841. Inali ya nambala 52 mwa nambala zosagawika za Mersenne zodziwika, ndipo pa tsiku lopezekalo inaposa nambala zosagawika zonse zimene anthu anali atazidziwa.

Kukula kwake nkovuta kukumvetsa. Ili ndi zilembo 41,024,320. Imayamba ndi 8 ndi kutha ndi 1, pakuti nambala zosagawika za Mersenne zonse zoposa 3 zimatha ndi 1 kapena 7. Mlembi wolemba chilembo chimodzi pa sekondi, usana ndi usiku, osadya, osagona, angaimalize patapita masiku 475. Chilembo chilichonse chikatenga theka la sentimita, mzere wake ungatalike makilomita 205: kuchoka ku Lilongwe, kudutsa Msundwe ndi Namitete, kupyola Mchinji, kulowa m'Zambia, kufika ku Chipata ndi kupitirirabe. Kuti itsimikizike, kachitidwe kaja koyambira pa 4 kanabwerezedwa masitepe oposa 136 miliyoni. Ngati nambala zosagawika za Mersenne zili ndi mapeto kapena ayi, ndiponso ngati ilipo nambala yangwiro yosagawika ndi 2, ndi mafunso amene akatswiri a masamu sanawayankhebe.

Moyo wa Bambo Mersenne unalembedwa koyamba mu 1649 ndi Hilarion de Coste, wa chipani chawo chomwecho. Misonkhano imene anayambitsa inakonza njira ya bungwe la Académie des sciences, limene linakhazikitsidwa ku Paris mu 1666, ndipo makalata awo anasindikizidwa m'mabuku 17 pakati pa 1932 ndi 1988. Nyumba ya Aminimi ija inatsekedwa pa nthawi ya chipolowe chachikulu cha ku France chimene chinayamba mu 1789, koma msewu wa pamenepo ukutchedwabe rue des Minimes. Mu 1651 Giovanni Riccioli, wansembe wa Ajezuiti amene anatcha mayina malo a pa mwezi, anapatsa chigwa china chachikulu cha kumeneko dzina lakuti Mersenius.